Tambala wolowa m'khola mosaitanidwa

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Anagula anapiye asanu ndi mmodzi atauzidwa kuti onse ndi aakazi, koma tsopano mmodzi wayamba kulira mbandakucha. Akufunsa ngati amuphe.

Mayi, funso lanu landibwezera ku Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anasefukiza Shire ndi mtsinje wa Mwanza. Madzi anakokolola khola langa usiku, m'mawa ndinangopeza nsichi ziwiri zili chiimire m'matope. Nditayamba kupezako bwino ndinapita pamsika wa Dyeratu n'kugula tinkhuku tinayi tongoyamba kumera nthenga. Ndinkafuna mazira a ana basi. Patatha miyezi inayi, kamodzi kanatalika miyendo, nthenga za kumchira n'kupindika, ndipo tsiku lina kanalira ndi mawu osasa ngati katsamwa. Mtima unandipweteka chifukwa ndalama ija ndinachita kukongola. Ndinatereka madzi pamoto, mpeni uli m'manja.

Amayi anga anali pamphasa akupeta mapira. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Mwananga, ukamudya ameneyo, anapiye udzawagulanso kwa yani?"

Ndinabweza mpeni. Pofika Novembala, dzuwa la kuno ku chigwa litafika poti nkhuku zimangoyasama pansi pa mtengo wa nimu, msoti umodzi unafungatira mazira khumi kwa masiku 21 ndipo unaswa asanu ndi atatu. Khola lonse limene ndili nalo lero linachokera pamenepo.

Ndiye ndinene mosapsatira: chizolowezi chofuna misoti yokhayokha chikutisaukitsa. N'zoona kuti thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, koma dzira lotero silidzaswa mwanapiye. Chaka ndi chaka mumabwerera kwa wogulitsa yemweyo, pamene kuno madzi kapena chitopa zimatha kusesa khola sabata imodzi. Ndipotu wogulitsayo mwina sanakunamizeni dala. Anapiye a nkhuku zachikuda, ngakhale a Mikolongwe, ndi ovuta kuwasiyanitsa akadali aang'ono.

Tambalayo mudzamuonenso akapeza chiswe. Sadya yekha, amatola n'kugwetsa, kutola n'kugwetsa, uku akuitana akazi ake. Kabawi akangodutsa m'mwamba, iye ndiye amayamba kukuwa, anapiye onse n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Ine ndimati si pachabe kuti ndalama yathu itabwera mu 1971 inatchedwa kwacha, ndipo timagawo take 100 n'kutchedwa tambala.

Nanga muchite chiyani?

Msungeni. Tambala mmodzi amakwanira nkhuku zazikazi pafupifupi khumi, choncho kwa zisanu zanuzo musawonjezere wina, angazisosole nthenga kumsana. Ngati oyandikana nawo akudandaula za phokoso, muzimutsekera m'khola lamdima koma lopita mphepo mpaka kutayera; sasiyiratu kulira koma mawu amachepa. Akayamba kulumphira ana, pamenepo ndiye ndiwo, musazengereze. Pakatha chaka musinthanitse ndi wa mudzi wina kuti asamakwere ana ake omwe. Ndipo funsani alangizi a ziweto za katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso uja. Ine ndimatemera miyezi inayi iliyonse, tambala poyamba, chifukwa ndiye amayendayenda m'makomo mwa eni.