Zingwe ndi tepi zisiyeni kaye, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga usiku wathawu, zithunzi zitatu zija ndazionanso. Kwa amene simunaone: mchemwali wathuyu akuphunzira zaluso, ndipo kusukulu amupatsa mutu wa "control" kuti apangire ntchito ya zithunzi yotsekera chaka. Wajambula mnzake atamangidwa manja ndi chingwe cha khonje, pakamwa tepi, kumaso nsalu yakuda. Aphunzitsi angoti zoterezi anaziona kale kambirimbiri. Ndiye akufunsa ngati asinthe mutu kapena awonjezere unyolo, poti kwatsala mwezi umodzi.

Musandide, koma aphunzitsiwo sanakunamizeni. Kamera mukuidziwa, makamaka pachithunzi chachiwiri chija kuwala kukulowera pawindo. Vuto ndi lakuti chingwe ndi tepi zimamuuziratu woona zonse asanayambe n'kuganiza komwe. Akangoti "ohoo, uyu wamangidwa", basi wadutsa. Komanso tonse tikudziwa kuti mutamaliza kujambula munamumasula mnzanuyo n'kukadya naye chipisi.

Khalani pansi kaye mudzifunse kuti mawu achingereziwo mukuwamva bwanji m'chinenero chathu. Ife tili ndi kulamulira, kupondereza, kuwongolera, kuweta, kudziletsa, ndipo sizofanana ayi. Bambo amene amasunga khadi la kubanki la mkazi wake m'thumba mwake akupondereza. Mnyamata wa pangolo akuwongolera ng'ombe. Munthu wa matenda a shuga amene akuyang'ana kumbali anzake akumwa Fanta paukwati akudziletsa. Ngakhale khuzumule amalowa momwemo, kungoti ameneyo kumujambula kwake n'kovuta. Sankhanipo chimodzi. Zithunzi khumi zonena chinthu chimodzi zimaposa makumi atatu zongobalalika.

Ine ndinagwirapo ntchito zaka zingapo m'situdiyo yojambula zithunzi za pasipoti ndi za ziphaso. Tsiku lonse mawu anga anali omwewomwewo: musaseke, dzutsani chibwano, vulani chipewa, makutu aoneke, yang'anani kuno. Agogo oti kumudzi kwawo anthu amawagwadira ankandimvera ine kamnyamata ngati ana a sitandade wani. Ndinazindikira mochedwa kuti wolamulira m'chipinda muja ndinali ine, ndipo mphamvuzo inkandipatsa ndi kamera. Inunso mmene munkamanga mnzanu uja n'kumamuuza kuti "pendeketsa mutu, usagwedezeke", ulamuliro weniweni unali m'manja mwanu. Koma pazithunzipo inuyo simukuonekapo.

Zimenezi sizinayambe lero. Kajambulidwe kaja ka chithunzi chimodzi cha kumaso, china cha m'mbali, anakakhazikitsa ndi Alphonse Bertillon wa kupolisi ya ku Paris m'zaka za m'ma 1880, kuti munthu akagwidwa kachiwiri asakane dzina lake. Ku South Africa nthawi ya tsankho, munthu wakuda ankayenda ndi chitupa chokhala ndi chithunzi chake, ndipo zina mwa zithunzizo zinkajambulidwa ndi makamera a Polaroid. Mu 1970 antchito awiri akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, atazitulukira anayambitsa gulu loikakamiza kuti ichoke m'dzikomo. Inachokadi mu 1977.

Mupeze nthawi mufufuze zithunzi za Ernest Cole, wojambula wakuda wa ku South Africa komweko. Ameneyu ankalowa kumigodi kamera ataibisa m'kathumba ka pepala konyamulira chakudya, kali ndi kabowo ka lenzi. Pali chithunzi chake china chimene sindichiiwala: amuna ofuna ntchito ali maliseche, aima pamzere, manja m'mwamba, akudikira kupimidwa. Palibe chingwe, palibe unyolo, koma ukachiona m'mimba mumatentha. Cole anatuluka m'dzikomo mu 1966, buku lake la House of Bondage linasindikizidwa mu 1967, ndipo boma la tsankho linaliletsa. Kwa ife si nkhani ya eni ake yokha, poti agogo athu ambiri amene anapita ku Joni ndi Wenela anadutsa pamizere yonga imeneyo.

Ndiye bwererani kwathu kuno. Akuluakulu amati mbalame ikatera pauta silasika: zimene timakhala nazo tsiku ndi tsiku ndi zimene diso limadumpha. Funsani amayi anu kapena azakhali za lamulo la kavalidwe la 1973, lija linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, alendo ena ankawametera pabwalo la ndege pomwepo. Chithunzi cha Kamuzu chinkakhala m'masitolo ndi m'maofesi, ndipo pakhomapo sipankaloledwa kanthu kena pamwamba pake, ngakhale wotchi. Polowa mumsika kapena pokwera basi a yufi ankafunsa khadi la chipani. Lamulo la kavalidwe lija linachoka ndi kubwera kwa matipate, komabe mu Januwale 2012 mavenda ena anavula akazi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Ndipo mu 2023 mwenimweni zinatengera khoti lalikulu ku Zomba kugamula kuti ana achirasta aziloledwa m'sukulu zaboma ndi tsitsi lawo.

Ndikanakhala ine, ntchito yonse ndikanaimanga pa chitenje cha m'chikwama. Mukudziwa chimene ndikunena, mwinanso muli nacho panopa. Chitenje chija mtsikana amachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi pa handibagi, kuti akatsika minibasi pafupi ndi kwawo, kapena akafika pamaliro, kapena akamalowa kwa apongozi, amange pamwamba pa jinzi. Palibe wapolisi amene wamuuza. Lamulo linafa iye asanabadwe, koma dzanja limapita lokha m'chikwama. Pezani akazi khumi, aliyense mumujambule pamalo enieni pamene amaima n'kumanga chitenjecho: kuseri kwa golosale, pamphambano yolowera kumudzi, pageti la tchalitchi. Ena adzakuuzani kuti amatero chifukwa cha ulemu ndipo amazikonda, palibe akuwakakamiza. Ena adzati amaopa pakamwa pa anthu. Wina adzaseka n'kunena kuti sanaganizepo. Musawasankhire yankho, ndipo musajambule ngati mukuwamvera chisoni. Woona akaima pamaso pa chithunzi chotere sadziwa msanga ngati akuona ulemu, mantha kapena chizolowezi chabe, ndipo kukayika kumeneko n'kumene kudzamugwire kuti asadutse. Mawu a mkazi aliyense, mzere umodzi, muwalembe pansi pa chithunzi chake mmene wawalankhulira, osawakongoletsa.

Anthu akakuvutani kupeza, jambulani malo. Mu 2011 Edmund Clark wa ku Britain analoledwa kukakhala m'nyumba ya munthu amene boma linamuika pachiletso pomuganizira zauchigawenga, mlandu osazengedwa. Sanaloledwe kuonetsa nkhope ya munthuyo kapena chilichonse cholozera kumene nyumbayo ili. Iye anangojambula makoma, zitseko, pansi, ngodya iliyonse, zithunzi zoposa 500, ndipo chiletso chomwecho chinasanduka ntchito yake. Kuno muli ndi mabotolo osweka pamwamba pa mipanda, loko pampopi wa madzi, limu ya galimoto yopachika pamtengo imene imathamangitsa ana a sukulu, mita ya magetsi ikuwerenga mayunitsi chobwerera, zigubu zosungira eni ake malo pamzere.

Pa kajambulidwe, dziikireni malamulo anuanu ndipo musawaphwanye. Kamera ikhale pa tripod (kachoimikira ka miyendo itatu kaja), msinkhu umodzi, mtunda umodzi, lenzi osaisuntha. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany ankatero ndi matanki a madzi ndi nyumba za mafakitale: kutsogolo kwenikweni, kumwamba kuli mitambo, kenako n'kuzindandalika pamodzi. Zithunzi zikafanana kaimidwe, diso limayamba kusaka kusiyana kwake. Mukafuna kuti odutsa aoneke ngati utsi pamene mkaziyo waima nji, tsitsani shutter (nthawi imene kamera imatseguka kuti kuwala kulowe) ifike 1/8 kapena 1/4 ya sekondi, ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, koma zimenezi zimatheka m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, osati masana. Kuwala muziyezera pankhope. Kamera ikaona khoma loyera kumbuyo imadetsa khungu lathu mpaka maso osaoneka. Ndipo musindikize chimodzi choyesera sabata ino, chifukwa zimene zimaoneka bwino pakompyuta zimatuluka zakuda papepala.

Kenako yesani ichi ngakhale kwa anthu awiri okha. Kamera yanu ikakhala ndi Wi-Fi, ilumikizeni ku foni, foniyo mumupatse mkaziyo, inu mutembenuke kapena muchokepo. Adine yekha nthawi imene wafuna. Mudzaona kuti kaimidwe kamasintha, mapewa amatsika, ena amayang'ana kamera mwamwano ndithu. Mukaika chithunzi chojambula inu pambali pa chojambula yekha, mutu wanu wonse uli pomwepo.

Pemphani chilolezo ndipo chikhale cholemba, munthu adziwe kuti zithunzi zikapachikidwa pachionetsero ndipo zikhoza kufika pa Facebook. Amene wakana nkhope, jambulani manja akumanga mfundo m'chiuno. Ana a sukulu musawajambule makolo ndi aphunzitsi awo osadziwa. Malo a asilikali ndi marodibuloko a polisi asiyeni, ngakhale akukoka mtima bwanji. Kamera yobwereka si yokakanganira ndi munthu wa yunifolomu.

Zithunzi za chingwe zija musazifufute. Bwererani mu kamera muone zimene munazitaya poganiza kuti zalakwika. Ngati pali china chimene dzanja lanu likuoneka mukukonza mfundo, kapena mthunzi wanu wagwera pa mnzanuyo, chiikeni pano tichione. Chimenecho chikhoza kukhala chotsegulira.