Triple jump kwa ana a Grade 6: yambani ndi makutu

Mayi ena a kwathu amene akuphunzitsa Grade 6 pasukulu ina ku Rosettenville kuno ku Johannesburg anandilembera imelo sabata yatha. Akuti awauza kuti aphunzitse ana triple jump, masewera odumpha katatu motsatizana, mu Life Skills mipikisano ya mu February isanafike, koma sukuluyo ilibe dzenje la mchenga, komanso ana akungosokoneza miyendo. Funso lawo n'lakuti ayambire pati.

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Nkhani yonse yagona pa miyendoyo. Mwana akanyamuka ndi mwendo wamanja, amaterera wamanja womwewo, kenako n'kupita pa wamanzere, ndiye n'kudumpha komaliza n'kutera ndi yonse iwiri. Ife amene tinakula tikusewera phada gawo loyambalo tili nalo kale m'thupi, ndipo ana ambiri salivutikira.

Chimene chimawononga ndi changu. Mwana amafuna kuonetsa mphamvu pa kudumpha koyamba, amapita m'mwamba kwambiri, potera bondo n'kupindika, ndiye gawo lachiwiri limangokhala kasitepe kakang'ono kothawira kugwa. Mutha kuzimva ngakhale mutatsinzina. Wolakwitsa mapazi ake amamveka "taaa, tata", pamene wochita bwino amamveka "ta, ta, ta", mofanana. N'chifukwa chake ine tepi yoyezera sindiitulutsa m'masabata awiri oyamba. Ndimaika zizindikiro zitatu pakapinga zotalikirana mofanana, kaya ndi makoni kaya mabotolo apulasitiki, mita imodzi ndi theka poyambira. Ana ena onse amaima pambali n'kumawomba m'manja katatu, wodumphayo n'kumatsatira. Mukaona kamtsikana kamene kamaopa kakumwetulira chifukwa mapazi ake agwirizana ndi manja a anzake, dziwani kuti zalowa. Pamenepo sunthani zizindikirozo pang'onopang'ono.

Ayambe ataima chilili, kenako athamange masitepe atatu, pambuyo pake asanu. Phazi lizitera lonse lathunthu, osati ndi zala zokha, thupi lili chowongoka. Aliyense ayese miyendo yonse iwiri kuti adzipezere wamphamvu.

Za mchengazo ndinene mosabisa. Popanda dzenje, musawalole kuthamanga liwiro lonse, ndipo pasimenti kapena patala asadumphepo n'komwe. Maondo ndi zidendene za mwana wa zaka 11 kapena 12 zikukulabe, ndipo masewerawa amagunditsa mwendo umodzi mwamphamvu kawiri motsatizana. Mwayi wake January ndi February ndi nthawi ya mvula kuno, kapinga amakhala wofewa, kusiyana ndi June pamene bwalo limauma gwaa ngati njerwa. Mwana aliyense adumphe kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, basi. Mukapeza sukulu yoyandikana nayo yokhala ndi dzenje, musagwiritse ntchito thabwa lonyamukirapo la akuluakulu, lomwe limakhala mamita 13 kuchokera pa dzenjelo kwa amuna ndi 11 kwa akazi. Jambulani mzere wanu pafupi, poti mwana aliyense afike mumchenga.

Tsiku lina tengani chingwe muyeze mamita 17.20 pabwalo, ana ayende kutalika kwake. Muwauze kuti Khotso Mokoena, wa ku Heidelberg konkuno ku Gauteng, anadumpha pamenepo n'kutenga golide ku Commonwealth Games ku Glasgow mu 2014. Kenako onjezani chingwecho chifike 18.29, mtunda umene Jonathan Edwards wa ku Britain anadumpha ku Gothenburg mu 1995.

Ngati n'kotheka pemphani ahedi akupatseni nthawi ya m'mawa, chifukwa masana a chilimwe kuno ziphaliwali sizichedwa. Mudzandilemberenso mipikisano ikatha, ndimve mmene anawo achitira.