Mafunso a Awerengi: Kodi ndodo zoyendera m'mwamba ndingazikhome bwanji pakhomo?

Funso: Akonzi, ine ndine bambo wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Kawale mumzinda wa Lilongwe. Mwana wanga wachisamba, yemwe ali ndi zaka 11, anaona anthu akuyenda pa ndodo zitalizitali pa chionetsero china, ndipo chibwerereni kumeneko sakundipumitsa. Sabata yatha iye ndi anzake anatenga mitengo iwiri ya bulugamu n'kukhomerapo tizidutswa ta matabwa ndi misomali ya mainchesi 4. Asanafike n'komwe pa mpanda, chopondera chimodzi chinazuka ndipo mwanayo anasupuka bondo. M'malo momuletsa, ndaganiza zomupangira ndodo zolimba. Kodi ndigule matabwa anji, ndipo pafunika zipangizo ziti?

Yankho: Bambo, mwaganiza bwino, chifukwa mwana wa msinkhu umenewo mukamuletsa amakapanga zomwezo kuseri kwa nyumba ya anzake, kumene maso anu safika. Koma dziwani kuti chimene chinagwetsa mwanayo ndi misomali, osati bulugamu. Munthu akaima pa chopondera, kulemera kwake kumakankhira kachidutswako pansi komanso kumakakanganula pa ndodo, ndipo nthawi iliyonse akaponda msomali umagwedera pang'ono m'bowo lake, mpaka bowolo limakula ndipo msomali umasololoka. Msomali umagwira bwino pa chinthu chokhala malo amodzi monga denga, koma pa chinthu chimene chimanyamulidwa ndi kumenyetsedwa pansi kambirimbiri suchedwa kutopa. Chotero chopondera chiyenera kumangidwa ndi mabawuti oboola mtengo wonse n'kutulukira mbali inayo, ndipo ngati ndalama zili zochepa, ndi bwino kusiya penti ndi vanishi kusiyana ndi kusiya mabawuti.

Pa ndodo zenizenizo, paini amene ogulitsa matabwa amamutchula kuti 2 by 2, kutanthauza mainchesi 2 mbali zonse kapena pafupifupi masentimita 5, ndi wokwanira kwa mwana. Munthu wamkulu angafune 2 by 3. Paini wa ku Chikangawa kapena ku Dedza ndi wopepuka, ndipo kupepukako n'kofunika chifukwa mwana amanyamula ndodoyo ndi dzanja ndi phazi nthawi imodzi. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba ndi yokongola, koma ndi yolemera komanso yodula, ndipo kuigwiritsa ntchito apa n'kuononga mtengo wa mipando. Bulugamu wouma bwino amathanso, kungoti amakonda kung'aluka kumapeto, ndipo chifukwa ndi wobulungira, malo okhala chopondera muyenera kuyamba mwawasema kuti akhale afulati.

Mukafika pogula, kaya ndi kwa akalipentala a ku Mchesi, komwe sikutali ndi kwanu, kapena kwa ogulitsa matabwa kwina kulikonse, musalole kungopatsidwa thabwa la pamwamba pa mulu. Linyamuleni, muike mapeto amodzi pansi ndipo ena muwayandikize pa diso, muliyang'ane m'litali mwake kuti muone ngati lapindika kapena lapotoka. Kenaka yang'anani mfundo, malo akuda aja pamene panali nthambi. Mfundo yaikulu, makamaka yokhala ndi mng'alu mozungulira, ndi pamene thabwa limathyokera, ndipo ikakhala pafupi ndi chopondera kapena kumunsi kwake thabwalo lisiyeni. Thabwa laliwisi mulidziwa chifukwa limalemera, limazizira m'manja ndipo mukaligogoda silimveka bwino. Loterolo likamauma limanyala ndi kupindika, mabawuti n'kuyamba kugwedera, choncho mukapeza laliwisi lokhalokha liumitseni pamthunzi kwa masabata angapo, mutaligoneka pamalo osalala.

Kutalika kwa ndodo kumachokera pa thupi la mwanayo. Muyezeni kuchokera kuphazi kufika paphewa, muonjezere masentimita 30 a kutalika kwa chopondera kuchokera pansi, ndi enanso 25 oti apitirire phewa. Kwa mwana wa zaka 11 zimenezi zimafika cha m'ma mita 1.7 kapena 1.8. Ndodo yothera m'munsi mwa phewa ndi yoopsa, pakuti mwana akaterereka nsonga yake imamubaya m'khwapa kapena pachibwano. Za masentimita 30 aja musamvere madandaulo ake, chifukwa adzanena kuti ndi pafupi kwambiri. Pamenepo ndi poti akhoza kudumpha n'kuima bwinobwino. Mukhoza kubooleratu mabowo ena awiri cha m'mwamba oti mudzakwezere chopondera akazolowera, koma musachulutse, popeza bowo lililonse limachotsako mphamvu ya mtengo.

Chopondera chidulidwe pa thabwa la 2 by 4, chidutswa cha masentimita 20, ndipo muchiimike motsamira ndodo ndi mbali yake yopyapyala, kuti pamwamba pake patuluke malo a masentimita 10 oikapo phazi. Kumunsi kwake muchidule mopendeketsa kuti chisamakole mwendo winawo. Chidutswa chilichonse chimafuna mabawuti awiri a mamilimita 8 kapena 10 kunenepa kwake, wapamwamba wa masentimita 18 ndi wapansi wofupikirapo, aliyense ndi nati komanso mawashala awiri. Mawashala musawaiwale, chifukwa paini ndi wofewa ndipo nati yopanda washala imangolowa m'thabwa mukamamanga. Pakani guluu wa matabwa pamalo okhudzana musanamange, pokhapokha ngati mukufuna kudzasuntha chopondera, ndipo manati akhale kunja kwa ndodo, osati mbali ya akakolo a mwana. Mabawuti oterewa amapezeka m'mashopu a zitsulo a ku Malangalanga.

Zipangizo zake si zambiri ayi. Mufunika tepi, pensulo, sikweya, sowo, sipanala yolingana ndi manati anu, sandipepa ndi chiboolero. Ambiri alibe chiboolero pakhomo, ndipo pano ndikulangizani kuti musaboole ndi chitsulo chootcha pamoto monga ena amachitira, chifukwa bowo lake limakula mopitirira ndipo makala a m'kati amafumbutuka. Kalipentala aliyense angakuboolereni mabowo anayi mosachedwa, ndipo muwapemphe aike ndodo ziwirizo pamodzi polemba malo oboola kuti zopondera zikhale pa msinkhu umodzi. Ngodya zonse zakuthwa zichotsedwe ndi puleni kapena sandipepa, makamaka pogwira manja. Kunsi kwa ndodo khomerani kachidutswa ka tayala lakutha. Apa pokha timisomali tating'ono tikhoza kugwira ntchito, bola mitu yake ilowe mu mphira. Mukatha zonse imanipo inuyo kaye mutatsamira khoma, mudzigwedeze ndithu, ndipo chikapirira inu chipirira mwanayo. Ayambire pa dothi louma kapena pa kapinga, kutali ndi zingwe zoyanikapo zovala, ndipo mvula ikagwa ndodozo zilowe m'nyumba, chifukwa matope a dothi lofiira la kuno amaterera ndipo chiswe sichichedwa kupeza paini wosiyidwa pansi.

Funso: Ndine mphunzitsi ku Area 25. Ophunzira anga akufuna miyendo yomangirira ngati ya Makanja kuti adzaseweretse pa tsiku lotsekera sukulu. Kodi nsungwi zingatheke?

Yankho: Aphunzitsi, za Makanja ndi za Gule Wamkulu, mwambo umene bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005, ndipo eni ake ndi a kudambwe, tsamba lino silingalowererepo, komanso si bwino kuti ana atsanzire gule pa sewero popanda kufunsa akuluakulu a mwambowo. Kunena za luso lokha, miyendo yomangirira pa msongolo imasiyana kwambiri ndi ndodo zogwira m'manja, chifukwa woyendayo akapepesuka sangadumphe, amagwa nayo limodzi, ndipo kawirikawiri amafikira mawondo kapena manja. Nsungwi nazo ndi zamphako, kotero mukaziboola n'kumanga bawuti zimaphwanyika kapena kung'aluka m'litali. Apangireni ophunzirawo ndodo zogwira m'manja monga ndafotokozera bambo a ku Kawale, ndipo ngati akufuna kuoneka ataliatali pa sewerolo, asokereni mathalauza aatali obisa zopondera, koma othera masentimita 10 pamwamba pa nthaka kuti nsalu isakole kunsi kwa ndodo.