Akuchikazi afunsa mutupo, mwana akufuna kubisa u Phiri

Imelo yabwera kuchokera kwa mayi wina wa ku Mabvuku, mu Harare konkuno ku Zimbabwe. Mwana wawo akukwatira mtsikana wachishona, akuchikazi afunsa mutupo (mfunda pa Chishona), ndiye mnyamatayo akuti akangonena kuti ndi Soko, mutupo wachishona, za u Phiri ndi za ku Dedza asakatchule. Mayiwo akufunsa ngati amuleke atero.

Amayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwandikhudza pachilonda.

Ine ndinakulira ku Mufakose. Agogo aamuna anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anagwira ntchito kumgodi ku Shamva, kenako anadzakhazikika mu Salisbury, Harare wa lero. Kumudzi sanabwerereko, anasanduka mchona. Pakhomo pathu pankamveka Chichewa chokhachokha, koma ine ndikangotuluka pageti lilime linkatembenuka. Kusukulu ankandinena kuti mubhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, chonsecho agogo ku Blantyre sanapondeko n'komwe. Tsiku lina agogo aakazi anandibweretsera mbatata yootcha, n'kuima kumpanda kumakuwa kuti, "Iwe, tabwera udzatenge!" Ndinayang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa. Anaima, anaima, mpaka anabwerera nayo mbatata yawo. Madzulo sanandikalipire. Anangofunsa akupakula nsima kuti, "Masana aja unali mdzukulu wa yani?" Lero ndili ndi imvi, koma funso limenelo likadandiluma.

Mantha a mwana wanu ali ndi pochokera, zimenezo ndisabise. Mu 2000 Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare, mu Harare, kuti ndi opanda mitupo, ndipo tonse tinadziwa amene ankanenedwa. Chaka chomwecho mafamu atayamba kulandidwa, antchito ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique anasowa kolowera, poti analibe mudzi woti athawireko. Mu 2001 lamulo la unzika linasintha, anthu obadwira konkuno n'kuuzidwa kuti akane unzika wa dziko la makolo awo. Amalume anga, omwe nyanja ya Malawi amangoiona pa kalendala, anayenda zaka ndi chitupa cholembedwa A, kutanthauza mlendo, osaloledwa kuvota.

Koma tandiuzeni, mwini dziko weniweni ndani? Amandebele anabwera ndi Mzilikazi kuchokera kummwera. Ku Binga kuli Atonga, ku Beitbridge Avenda, ku Hwange Anambya, ku Plumtree Akalanga, ku Mbembesi kuli Axhosa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo choyamba pamndandandapo ndi Chewa. Inde, n'chifukwa cha ndondomeko ya zilembo, ndikudziwa, koma ndisiyeni ndinyadire. Anthu omwewo otinena ubhurandaya amavina sungura ya Alick Macheso mpaka thukuta kamukamu, bambo ake anali Mmalawi. Benjani Mwaruwari akugoletsa zigoli ku Portsmouth ndi ku Manchester City, palibe anafunsa mutupo, anali wathu tonse.

Nanga gule? Konkuno amati zvigure, ena amathawa, ena amaopsezera ana. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma mwana wa Mchewa wa mu Harare amachita manyazi ng'oma ikalira ku Tafara. Zimenezi zimandinyansa. Ndipo ena mwa oyamba kunyoza ndife tomwe, makamaka tikapeza kandalama n'kusamukira ku Borrowdale. Kumaliro kokha ndiye Chichewa chimabwerera, nyimbo za ku CCAP zikayamba aliyense amazidziwa mawu ake. Mlamu wanga wina anasintha ngakhale kalembedwe ka dzina lake kuti limveke lachishona, ana ake akula osadziwa kuti m'bale wawo wa ku Lilongwe amamuyankha bwanji akati muli bwanji. Nkhani ya mlamuyo ndidzaikamba tsiku lina, ndi yaitali.

Zoti tilibe mitupo ndi bodza lamkunkhuniza. Phiri, Banda, Mbewe, Mwale ndi mfunda, ndipo agogo ankadziwa wachibale pongomva mfunda wake.

Ndiye achite bwanji?

Asabise. Kwa Ashona mutupo si mwambo wongokometsera, amafunsa kuti achibale asakwatirane, komanso udzafunika pamaliro ndi pa ana. Aphiri ambiri konkuno amayankhadi kuti Soko, palibe choipa, koma anene zonse: Phiri, Soko, makolo a ku Dedza. Pezani munyai (mkhalapakati wa ukwati kwa Ashona) wachikulire wodziwa miyambo yonse iwiri, apite limodzi ndi amalume ake a mnyamatayo ngati ankhoswe. Ndipo ngati chitupa chake chikadali ndi A, awerenge gawo 43 la malamulo a 2013, lonena za unzika, akachisinthe asanapite kukapereka roora, malowolo a Ashona.