Gitala yang'aluka ku Ngabu: musathamangire supagulu

Achimwene a ku Ngabu, mwati gitala ya kwaya yanu yang'aluka pathabwa lapamwamba, kuyambira pansi pa bridge, kathabwa kamene kamagwira nsambo pathabwalo, kutsikira kumunsi, chonsecho simunaigwetse. Ndaonanso ena m'gulu muno akukuuzani kuti muthiremo supagulu wosakaniza ndi utuchi. Chonde musatero, ndipo musamatemo chilichonse kaye.

Chang'alula gitalayo ndi kuuma. Thabwa lapamwamba ndi lopyapyala, silipitirira kwenikweni mamilimita 3, ndipo pa magitala abwino limakhala la mtengo wa spruce kapena cedar. Kufakitale amalimata mpweya uli ndi chinyezi cha pakati pa 45 ndi 50 peresenti. Ndiye gitala ija ifike kuno kuchigwa, kumene Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo mpweya umauma gwaa! Thabwa likamauma limafupika m'lifupi, osati m'litali. Koma m'mbali monse ndi lomata, m'katinso muli timatabwa tolichirikiza timene amati ma brace, ndiye likasowa kolowera limang'aluka motsatira mizere ya mtengowo. Mvula ikayamba limafufumanso, monga chimachitira chitseko chimene m'chilimwe chimasiya mpata koma mu Januwale chimakana kutsekeka.

Apa ndi pamene utuchi ndi supagulu zimalakwira. Mukadzaza mpatawo lero ndi chinthu cholimba, mvula ikabwera thabwa lidzafuna kubwerera m'malo mwake n'kupeza podzaza. Lidzatukumuka, kapena kung'aluka pena pambali pomwepo. Komanso supagulu amalowerera m'thabwa n'kuwononga vanishi, ndipo pamene wadutsa iye guluu wina sagwiranso bwino.

Yambani ndi kumasula nsambo. Zawaya zisanu ndi imodzi zija zikakungidwa zimakoka pafupifupi makilogalamu 70, katundu amene thabwa long'aluka siliyenera kusenza. Oimba anzanu auzeni asiye kusisita pamng'alupo ndi chala pofuna kuona kukula kwake, chifukwa thukuta ndi fumbi zikalowamo pamatsala mzere wakuda umene suchokanso.

Kenako libwezereni thabwalo chinyezi. Nyowetsani siponji, muifinye mpaka isadonthe, muiike m'kambale ka sopo kokhala ndi zibowo. Kambaleko kalowe m'chikwama cha gitala, kapena m'pulasitiki yaikulu pamodzi ndi gitalayo, mumange kukamwa. Siponji isakhudze thabwa, ndipo musamale kwambiri ngati madziwo ndi a pamjigo, pajatu mijigo yambiri ya Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, dontho limodzi pa makiyi okungira nsambo ndi dzimbiri basi. Muziona tsiku ndi tsiku, siponji ikauma mwanyowetsanso. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mng'alu umene mumaonera kuwala umakhala utatsekeka wokha. Anthu ambiri apa ndi pamene amalephera kudikira chifukwa Lamlungu layandikira. Bwerekani ina ku kwaya ya amayi.

Podikirapo suzumirani m'kati. Lowetsani kagalasi kakang'ono pabowo, muunikire ndi tochi ya foni. Onani ngati mng'alu wadutsa pa brace, ndiponso ngati brace yo yasiyana ndi thabwa. Gogodani pang'ono ndi nsonga ya chala kuzungulira malowo: pabwino pamamveka bwino, pomasuka pamanjenjemera. Brace yomasuka ndiyo iyambe kumatidwa, apo ayi ntchito yapamwamba ingopita pachabe.

Guluu wake ndi woyera uja wa akalipentala, monga Ponal. Ngati muli ndi m'bale wochokera ku Joni amene angakupezereni Titebond Original, ndi wabwino koposa chifukwa amauma molimba ndipo safewa msanga. Lowetsani dzanja m'kati, mukankhe pang'ono pansi pa mng'alu kuti utseguke pang'onong'ono. Pakani guluu pamwamba ndi chala choyera, muzikankha ndi kusiya, kukankha ndi kusiya, mpaka pagalasi paja muone timadontho toyera tatulukira m'kati. Apo ndiye kuti walowa ponse. Pukutani wotsala ndi kansalu konyowa, muyendetse chikhadabo modutsa mng'alu kuti mumve ngati mbali ina yakwera kuposa inzake, muilinganize guluu asanagwire. Yalani kapulasitiki, pamwamba pake kathabwa kosalala ndi kanthu kolemera pang'ono, musiye maola 24.

Guluu yekha sangapirire chilimwe cha mawa. Pafunika tizigamba ta m'kati. Dulani timatabwa tofewa, sentimita imodzi mbali zonse, kuchindikala mamilimita 2. Mukapeza gitala yakufa n'kudula pathabwa lake lapamwamba mwachita bwino, mukalephera paini wouma athandiza. Chachikulu ndi chakuti mizere ya kachigambako idutse mng'alu mopingasa, isatsatire. Ikani kamodzi pa masentimita 3 kapena 4 aliwonse, ndiponso kumapeto kwa mng'alu. Musakulitse poganiza kuti mukulimbitsa, thabwalo liyenera kunjenjemera kuti gitala ilire. Popeza klampu, chopanira matabwa cha akalipentala, sifika m'menemo, gwiritsani maginito awiri, amene okonza makompyuta amachotsa m'ma hard drive akufa: ina m'kati pansi pa kachigamba, ina kunja mutayala kansalu. Yakunjayo muitsitse mwaulemu, ikalumpha yokha imasiya chipsera.

Ngati patatha masabata awiri mpata ukadalipo, pakufunika kusema kachidutswa ka mtengo kolowa ndendende m'mpatamo. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wozolowera, musaphunzirire pa gitala ya mpingo.

Zonsezi ndi za thabwa lenileni. Yang'anani m'mphepete mwa bowo: mukaona timagawo tosanjikizana ndiye kuti ndi pulayiwudi, ndipo mwina chang'aluka ndi vanishi yokha. Vuto la pulayiwudi ndi madzi, amaimatula. Amene magitala awo ananyowa ndi madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023 n'kuwayanika padzuwa anangowamaliza. Gitala yonyowa imaumira pamthunzi, nsambo zitamasulidwa.

Mukamaliza, dikirani masiku awiri musanakunge nsambo, ndipo mukunge pang'onopang'ono. Yesani kulowetsa kapepala kuseri kwa bridge. Kakalowa ndiye kuti nayonso yayamba kumatuka. Guluu wamatabwa amayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma 60, ndipo minibasi yoima padzuwa pa Nchalo magalasi atatsekedwa imayandikira pamenepo, ndiye musamasiye gitala m'menemo. Kuikoleka pakhoma pafupi ndi malata a tchalitchi nakonso musiye. Izikhala m'chikwama, pansi, chipinda chozizirirapo. M'chilimwe siponji ija ikhalemo, mvula ikayamba muichotse muikemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato, kuopa nkhungu. Mukasuzumira m'kati n'kuona brace yamasuka, jambulani muike pano tione kaye musanaipake guluu.