Laser ya maso ukwati usanafike: yankho kwa achemwali a ku Blantyre

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, achemwali. Mwati muli ndi zaka 26, ukwati uli mu Okutobala, ndipo mukufuna kubwera kuno ku Joni sabata imodzi kudzachita opaleshoni ya laser, yokonza maso ndi kuwala kwamphamvu kwa makina, kuti pazithunzi musadzaoneke ndi magalasi. Azakhali anu akuti mukachita khungu. Mukufunsa ngati zimapweteka, komanso ngati mungakwere basi kubwerera patatha masiku awiri.

Mawu oti "pazithunzi" aja ndi amene andikhazika pansi. Ine ndinayamba kusaona patali ndili Sitandade 5. Aphunzitsi akalemba pabolodi ndinkangoona zoyererayerera, ndiye ndinkakopera kwa mnzanga wapambali, ndi zolakwa zake zomwe. Ndinakwapulidwa kangapo ati ndine waulesi. Palibe amene anaganiza kuti mwana angavutike maso, poti kwathu maso ovuta anali a agogo basi. Magalasi oyamba ndinawapeza ndili Folomu 2, ndipo tsiku limenelo ndinawerenga ndekha chikwangwani cha minibasi ya ku Ndirande ikadali patali, osafunsa kondakitala. Mawa lake kusukulu dzina linasintha, ndinakhala Maso Anayi mpaka kulemba mayeso a MSCE.

Ndiye musaganize kuti sindikumvetsani. Ndikudziwa za kuvundukula poto wa nsima n'kuchita mtambo, za mvula ya mu Januwale yomwe imakusiya ukupapasa pamsewu, za kudzuka usiku n'kumafufuza pansi pa bedi. Ndinachita opaleshoni ya laser imeneyi, yotchedwa LASIK, ndili ndi zaka 31, ndipo sindinong'oneza bondo. Koma momwe anthu amaikambira, ngati kumeta tsitsi pa nthawi yopuma masana, zimandikwiyitsa.

Opaleshoniyo payokha ndi yaifupi. Amakugoneka chagada, uli maso, n'kukudontheza mankhwala ochititsa dzanzi. Amaika kachitsulo kogwira zikope kuti usaphethire. Kenako chinthu china chimatsindika diso mwamphamvu, kuwala konse n'kuzima kwa masekondi angapo. Apa ndi pamene ndinayamba kupemphera chamumtima, chifukwa palibe anandiuza kuti kudzada. Amadula kachikhungu kopyapyala pagalasi lakutsogolo kwa diso, lomwe madokotala amati cornea, n'kukatsegula ngati tsamba la buku. Laser imasema pansi pake, ikulira tetete, osakwana mphindi imodzi diso lililonse. Fungo lake ndi la nthenga za nkhuku pamene mukuiwaula pamoto. Amabwezera kachikhungu kaja, osasoka, kamamatirira kokha. Maso onse awiri anatha mphindi ngati 15. Kupweteka ayi, koma mantha okha.

Ululu unabwera ndili m'galimoto kubwerera kunyumba. Dzanzi litatha, zinali ngati wina wandithira tsabola wa kambuzi m'maso, misozi chuchuchu, kutsegula osatheka. Ndinagona maola anayi, ndipo podzuka moto uja unali utazirala. M'mawa ndinaona nthawi pawotchi yapakhoma ndili pabedi, ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Kuseka kumeneko ndi kumene kunandipusitsa. Ukaona bwino mawa lake umayesa wachira, pamene kachikhungu kaja sikanagwire bwinobwino. Anandipatsa madontho oteteza ku tizilombo, ena oletsa kutupa, ena ongonyowetsa maso, ndi tizivindikiro tapulasitiki tomata usiku kuti ndisadzitikite kutulo. Tsiku lachisanu mnzanga anawotcha nyama, ine n'kupita. Utsi utandilowa ndinatikita diso lakumanzere osaganiza n'komwe. Usiku wonse sindinagone, m'mawa ndinathamangira kuchipatala. Mwamwayi kachikhungu kaja sikanasunthe, koma dokotala anandiyang'ana momwe amayi ankandiyang'anira ndikaswa mbale. Maso anakhala ouma miyezi itatu, botolo la madontho losachoka m'chikwama, ndipo kuyendetsa usiku pamsewu waukulu wa N1 kunali kovuta chifukwa nyali iliyonse inali ndi mkombero wake. Zinatha pang'onopang'ono. Pali ena omwe kuuma kumawakhalira nthawi yaitali kuposa apo.

Azakhali anu musawaseke. Kuchita khungu chifukwa cha LASIK n'kosowa kwambiri, koma funso lawo ndi labwino kuposa la zithunzi. Chimene chimateteza munthu ndi kuyeza kuja asanakugwire, komwe kwa ine kunatenga pafupifupi maola awiri. Cornea ndi yochindikala pafupifupi theka la milimita, ndipo laser imachotsapo ina yomwe sibwereranso. Ikakhala yopyapyala kale, kapena yayamba kusongoka, matenda otchedwa keratoconus, dokotala wabwino amakubweza. Mnzanga wina anabwezedwa, anakwiya sabata yonse, koma ine ndimati ameneyo ndiye dokotala. Chipatala chimene chikulonjezeni tsiku la opaleshoni pafoni chisanaone maso anu, thawani, ngakhale mtengo utsike bwanji. Ena opyapyala pang'ono amawachita PRK, yomwe sadula kachikhungu koma amapala pamwamba. Imeneyo imapweteka masiku angapo, umavala kagalasi kam'diso kophimba bala masiku anayi kapena asanu, ndipo kuona bwino kumatenga masabata.

Chinanso chimene achibale amasokoneza: laser imeneyi sichotsa ng'ala. Agogo anga anachotsedwa ng'ala ku Nkhoma, ndipo kumeneko amachotsa galasi lam'kati mwa diso lomwe lachita chifunga n'kuikamo lina. Atamva za ine anati ndawononga ndalama poti iwo anachitira kwathu konkuno. Kufotokoza kunandilaka. Komanso mukadzapitirira zaka 40, magalasi owerengera adzakufunanibe, laser kapena ayi. Ine ndayamba kale kutalikitsa foni.

Tsono za basi ija

Masiku awiri ayi. Mukachita opaleshoni, dokotala amakuonani mawa lake, kenako patatha pafupifupi sabata. Ulendo wodutsa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza ndi woposa tsiku lathunthu, fumbi pamalire paliponse, mphepo youma m'basi, madzi osamba m'manja osowa pamene mukufunika kudontheza mankhwala kangapo patsiku. Konzani masabata awiri kuno. Ngati mumavala timagalasi tam'diso, musiye masabata awiri musanayezedwe, ndipo touma tija timafuna nthawi yoposa apo. Nambala ya magalasi anu ikhale yosasintha kwa chaka chathunthu, ndipo musakhale woyembekezera kapena woyamwitsa. Zodzola m'maso ndi kusambira zimaletsedwa masabata oyambirira, tsono taganizani wodzoladzola wa paukwati akukupakani m'zikope pa dzuwa ndi fumbi la Okutobala.

Ngati pakati pa opaleshoni ndi ukwati sipakwana miyezi itatu, ine ndikanavala magalasi anga, n'kumuuza wojambula asamale ndi kuwala, laser n'kudzachita chaka chamawa. Poyambira ndi pafupi: pitani ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, akuyezeni, ndipo mukafunefune pepala la nambala ya chaka chatha kuti mudzafananize.