Si mfuti yokha imene inagwetsa asilikali apakavalo

Achimwene, mwafunsa ngati mfuti ndi imene inathetsa asilikali apakavalo ku Ulaya. Ine ndikuti ayi, chifukwa anayamba kugonja kwa anthu oyenda pansi mfuti isanafale n'komwe.

Mu 1302 ku Courtrai, m'dera la Flanders (lero ndi ku Belgium), anthu a kumeneko, ambiri mwa iwo amisiri a m'matauni, anaima kuseri kwa ngalande ndi timitsinje atanyamula mikondo ndi zibonga, n'kupha akuluakulu apakavalo a ku France ambirimbiri. Kavalo sakhala wopusa ayi. Akaona mikondo itandandalika ngati mpanda, eni ake osasuntha, amakana kulowapo. Mphamvu ya apakavalo inali pa kuopseza: anthu akachita mantha n'kubalalika, basi, amawatema ngati mapesi. Ku Agincourt, m'dziko la France, mu 1415 Angerezi oponya mivi anazika mitengo yosongoka patsogolo pawo kutchinga apakavalo a ku France, ndipo matope a m'munda wolima anamaliza zotsalazo.

Mfuti inabwera kudzangowonjezera. Ku Pavia, m'dziko la Italy, mu 1525 asilikali a Spain a mfuti anagwetsa apakavalo a ku France, mfumu yawo Francis I n'kugwidwa. Tangoganizani, munthu wovala zitsulo zodula, wokulira pa kavalo kuyambira ali mwana, kugwetsedwa ndi mnyamata wophunzira kuwombera dzulodzuloli!

Komabe akavalo sanathe. Mu 1683 mfumu ya Poland, Jan Sobieski, inatsika nawo phiri la Kahlenberg n'kubalalitsa asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey amene anazinga mzinda wa Vienna ku Austria.